Ambuye Mathurin Guillemé, Episkopi amene mamishoni awo adasanduka sukulu

Dzina loti Guilleme ambiri kuno ku Kasungu amalidziwa ngati dzina la malo. Ndi parishi ya ku Mchinji, kumene kuli chipatala ndi sukulu ya atsikana yogonera konko, ndipo pakamwa pa anthu lidasanduka kale Gilime. Koma lisadakhale dzina la malo lidali dzina la munthu, wansembe wa ku France amene adakhala Episkopi wa dera lino kwa zaka 23, kuyambira 1911 mpaka 1934. Masiku amenewo kudalibe Arkidayosizi ya Lilongwe, kudalibe Dayosizi ya Dedza, ya Mzuzu ngakhale ya Chipata. Lonseli lidali dera limodzi lotchedwa Nyasa, ndipo mbusa wake adali mmodzi.

Mathurin Guillemé adabadwa pa 3 July 1859 ku Sainte-Marie, pafupi ndi tauni ya Redon, m'chigawo cha Bretagne. Adayamba maphunziro a unsembe mu Dayosizi ya kwawo ya Rennes, koma asadadzozedwe adawoloka nyanja kupita ku Algeria kukalowa chipani cha White Fathers, chimene Ambuye Charles Lavigerie adachiyambitsa mu 1868. Dzina la chipanichi lidachokera ku mkanjo woyera umene ansembewo ankavala, wofanana ndi wa Aluya, ndi kolona m'khosi. Adadzozedwa unsembe mu 1883, ndipo chaka chotsatira adatumizidwa ku Zanzibar.

Ku Zanzibar msika waukulu wa akapolo udali utatsekedwa mu 1873, koma malondawo adali asadathe. Anthu ankabwerabe nawo mobisa kuchokera kumtunda, ndipo ena mwa iwo adali ochokera m'dziko lino. Njira ya minyanga ya njovu ndi akapolo inkadutsa m'chigwa cha Kasungu chomwe chino kulowera ku Nkhotakota kwa Jumbe, kuwoloka nyanja pa zombo, ulendo wa ku Kilwa. Motero Bambo Guillemé adayamba kuona nkhope za anthu a kuno zaka zambiri asadaponde dothi la kuno.

Pambuyo pake adanyamuka ulendo wa pansi wa miyezi ingapo kupita ku Kibanga, mishoni imene idali kuzambwe kwa nyanja ya Tanganyika, m'dziko limene lero ndi Congo. Kumeneko ukapolo sudali wobisa ayi. Magulu a anthu a mfuti ankatentha midzi, kugwira amayi ndi ana, ndi kuwatengera ku Ujiji. Ansembe adalibe asilikali oti n'kuletsa zimenezi. Chimene ankachita ndi kuwombola ana ndi nsalu kapena katundu wina, pogwiritsa ntchito zopereka za Akhristu a ku Ulaya, kenaka n'kuwalera pa mishoni. Makalata amene Bambo Guillemé ankalemba ofotokoza zimene ankaona adafika kwa Kadinala Lavigerie, amene mu 1888 adayenda m'mizinda ya Paris, London ndi Brussels kudzudzula malonda a akapolo.

Njira yowombola ana pogula idali ndi vuto lake, ndipo sibwino kulibisa. Wogulitsa akaona kuti pali wogula, amabwerera kukagwira ena. Ansembewo ankadziwa zimenezi. Koma mwana wowonda ali chiimire pamaso pako, chingwe chili m'khosi, nkhani ya mawa imavuta kuiganiza. Ana owomboledwawo ndiwo adakhala ophunzira oyamba a Bambo Guillemé. Ankafunika chakudya, pogona, ntchito ya manja ndi kudziwa kuwerenga, ndipo wansembe amene adayamba utumiki wake motere sakadaona sukulu ngati chinthu chongowonjezera pa tchalitchi.

Atagwira ntchito zaka zambiri m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, mu 1899 adatumizidwa ku dera la Nyasa. Episkopi wa derali adali Ambuye Joseph Dupont, amene Abemba adawatcha Moto Moto chifukwa cha changu ndi ukali wawo. Ambuye Dupont adali ataika mtima wawo wonse pa Abemba, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Zambia. Chaka chomwecho adadwala n'kubwerera ku Ulaya, ndipo udindo woyendetsa derali udagwera Bambo Guillemé mpaka 1904. Zaka zisanu zimenezi ndizo zidasintha mbiri ya Mpingo m'chigawo chapakati.

Akatolika adali atachedwa kwambiri. A White Fathers adayesapo kukhala kwa Mponda, ku Mangochi, kuyambira kumapeto kwa 1889, koma adachokako mu 1891 osabatiza munthu wamkulu wathanzi ndi mmodzi yemwe wa m'mudzimo. Pamene iwo ankachoka, a Livingstonia ndi a Blantyre adali atakhazikika kale kuyambira m'ma 1870, a Dutch Reformed adali ku Mvera kuyambira 1889 ndipo adafika ku Nkhoma mu 1896. Kuno ku Kasungu, Mwase atagonjetsedwa ndi asilikali a Angerezi kumapeto kwa 1895, Dr George Prentice wa Livingstonia adatsegula mishoni ku Chilanga mu 1900. Kumwera, ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu July 1901. Bambo Guillemé adaona kuti akangodikira kubwera kwa Episkopi, m'chigawo chapakati simudzatsala mudzi wopanda sukulu ya mpingo wina.

Tsono mu 1902 adatumiza ansembe ndi mabulazala kumwera. Adatsegula Chiwamba, kufupi ndi Lilongwe, ndi Mua, m'munsi mwa mapiri a Dedza. Chiwamba sidakhalitse, idasamukira ku Likuni mu 1903. Chaka chomwecho adatsegula Kachebere, pa malire a Mchinji ndi dziko la Angoni a Mpezeni, ndipo mu 1904 Kambwiri, ku chigwa cha Luangwa. Anthu ambiri amati mbatata ya kachewere idatenga dzina lake ku Kachebere, poti ansembe ankailima m'dimba la mishoni. Ngati ndi choncho, ndiye kuti ngakhale amene sadapondeko ku tchalitchi amatchula mishoniyi tsiku ndi tsiku pa chiwaya cha tchipisi.

Mamishoni oyambawa sadali nyumba zooneka. Poyamba zidali za mitengo ndi dothi, denga la udzu, zodontha m'dzinja ndi zodyedwa ndi chiswe. Pambuyo pake mabulazala adaphunzitsa anthu kuumba ndi kuwotcha njerwa, kucheka matabwa ndi sowo ya pa dzenje, ndi kuumba mapale a denga. Maina a Episkopi ndi ansembe adalembedwa m'mabuku, koma amene adaponda dothi, kusenza njerwa pamutu ndi kututa madzi adali amuna ndi akazi a m'midzi yozungulira, ambiri a iwo asadabatizidwe n'komwe. Nyumba zakale za mishoni zimene zilipo lero ndi ntchito ya manja awo.

Ku Mua ndi ku Ntakataka, kumene adatsegula mishoni mu 1908, kudali kotentha ndi kwa udzudzu. Malungo, makamaka aja a mkodzo wakuda, ankagwetsa ansembe achinyamata amene adali atangofika kumene. Kwinini ankathandiza koma sankakwanira. Ndi chifukwa chake adafunafuna malo pamwamba pa phiri, kozizira, koti odwala azikapumulako, ndipo adapeza Bembeke. Nyumba yoyamba ya ku Bembeke sidamangidwe kuti ikhale likulu la china chilichonse. Idali nyumba yochiriramo azungu odwala. Koma anthu a m'midzi ya pafupi adayamba kubwera, ndipo mu 1910 Bembeke idakhala mishoni payokha.

Ambuye Dupont atatula pansi udindo, Papa Pius X adasankha Bambo Guillemé kukhala Episkopi pa 24 February 1911. Kuti adzozedwe adayenera kubwerera ku nyanja ya Tanganyika, ku Baudouinville, kumene adadzozedwa pa 18 June 1911. Mu 1913 dera la Abemba lidapatulidwa n'kutchedwa Bangweolo, ndipo Ambuye Guillemé adatsala ndi chigawo chapakati ndi chakumpoto cha Nyasaland pamodzi ndi dera la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Likulu lawo adaliika ku Bembeke. Malo a odwala aja adasanduka kwa Episkopi, ndipo m'kupita kwa nthawi adasandukanso malo ophunzitsirako aphunzitsi. Mpaka lero ku Bembeke kuli koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's, pafupi ndi Katedrale ya Dayosizi ya Dedza.

Chifukwa chimene aphunzitsi adali ofunika chotero chikuoneka munthu akayang'ana kukula kwa derali ndi kuchepa kwa ansembe. Wansembe ankafika pa mudzi mwina kangapo pa chaka, wapansi kapena pa njinga. Masiku ena onse Mpingo udali m'manja mwa mphunzitsi wa pa mudzi, amene adalinso katekisti. Sukulu yake idali kanyumba ka mitengo ndi udzu, kapena mthunzi wa mtengo. M'mawa ankaphunzitsa ana zilembo, masamu pang'ono ndi katekisimu, madzulo ankasonkhanitsa akulu, Lamulungu ankatsogolera mapemphero m'kanyumba komweko. Ankabatiza odwala kwakayakaya, kuika maliro, ndi kulemba maina a amene akubwera ku maphunziro ndi amene ajomba. Malipiro ake adali ochepa kwambiri, ndipo ambiri ankalima okha kuti adye.

Ubatizo sudali wa changu. Lamulo limene Kadinala Lavigerie adasiyira chipani chake lidali loti munthu wamkulu aphunzire zaka zinayi asadabatizidwe, ndipo Ambuye Guillemé adalisunga. Munthu ankayamba ngati wongomvera, kenaka n'kulandiridwa kukhala katekumeni, ndipo chakumapeto ankapita kukakhala pa mishoni kwa masabata angapo, kuphunzira ndi kugwira ntchito, asadayesedwe mayeso. Sankangomufunsa mayankho a katekisimu okha. Ankayang'ananso banja lake, ngati ali pa mitala, ndi mbiri yake pa mudzi. Ena ankati lamuloli ndi louma, ndipo n'zoona kuti lidachedwetsa chiwerengero cha Akhristu. Koma agogo amene adadutsa m'njira imeneyi ndi aja ankayenda mtunda wa tsiku lathunthu kukamva Misa ya Pasaka, atasala kudya kuyambira pakati pa usiku. Makolo amene amadandaula kuti maphunziro a Tilitonse akutalika angachite bwino kuikumbukira nkhani imeneyi.

Sukulu za m'midzi zidabweretsa mikangano iwiri, ndipo pa yonse iwiri Ambuye Guillemé sadali munthu wofewa. Woyamba udali wa pakati pa Akatolika ndi a Dutch Reformed. Mudzi ukalandira sukulu ya mpingo wina, udali ngati watengedwa, motero mbali zonse ziwiri zinkathamangira kwa nyakwawa kukapempha malo. Panali midzi imene sukulu ziwiri zinkayang'anizana, aphunzitsi akulandana ana, milandu n'kumakathera kwa bwanamkubwa wa boma. A mipingo ina ankafuna kuti dziko ligawidwe, uku kwa awa, uku kwa awo, koma Akatolika sankavomera malire otero. Ena mwa mabanja amene lero amakhala pamodzi mwamtendere, wina wa CCAP wina wa Katolika, makolo awo sankamwerana madzi chifukwa cha mpikisano umenewu.

Mkangano wachiwiri udali ndi gule wamkulu, makamaka ku Mua m'zaka za m'ma 1920. Ansembe ankaona kuti mnyamata akalowa ku dambwe sabwereranso ku sukulu. Akuluakulu a mudzi nawo ankaona kuti mwana akalowa sukulu amayamba kunyoza mwambo ndi kuulula zinsinsi. Mbali iliyonse idayamba kuthamangira ana akadali aang'ono. Kudali kulandana, kumenyana ndi kusumirana ku boma. Amishoni adapempha boma kuti liletse gule, koma boma la atsamunda, poopa kukwiyitsa mafumu, silidapite nazo patali. Kunena zoona, ansembe a nthawi imeneyo adaona zoipa za gule msanga kuposa mmene adamvetsera chifukwa chimene Achewa adaugwiritsitsa chotero, pa maliro, pa chinamwali ndi pa ulamuliro wa mudzi. Padatenga zaka zambiri kuti Mpingo ukhale pansi ndi kumvetsera. N'zochititsa chidwi kuti ku Mua komweko, kumene nkhondoyi idakula, ndi kumene mu 1976 kudatsegulidwa malo a Kungoni osungirako ndi kuphunzirirako chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao.

Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idabweza ntchito m'mbuyo. Ansembe ena adaitanidwa ku nkhondo, thandizo lochokera ku Ulaya lidachepa, amuna ambiri adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali ngati amtengatenga, ndipo nkhondo itangotha kudagwa chimfine chimene chidapha anthu ochuluka. Amuna enanso ankapita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg kukafuna ndalama ya msonkho, kusiya akazi ndi ana, ndi kusiya maphunziro a ubatizo pakati.

M'zaka za m'ma 1920 zinthu ziwiri zidasintha chigawo chapakati. Choyamba ndi fodya wa chikopa, amene adafala m'midzi ya Lilongwe ndi Dowa mpaka boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Fodya adabweretsa ndalama, njinga ndi misewu, komanso adachotsa ana m'sukulu pa nyengo yothyola ndi kusoka, vuto limene aphunzitsi a kuno ku Kasungu akulidziwa mpaka lero. Chachiwiri ndi choti boma lidayamba kulowerera pa maphunziro. Bungwe la Phelps-Stokes litayendera dziko lino mu 1924, boma lidatsegula nthambi ya maphunziro mu 1926, ndipo lidayamba kufuna aphunzitsi a satifiketi kuti sukulu ilandire thandizo.

Apa ndi pamene kufooka kwa sukulu za Akatolika kudaonekera. Zidali zambiri, koma zambiri mwa izo zidali zongophunzitsa kuwerenga ndi katekisimu. A Livingstonia adali atatsegula kale sukulu yapamwamba ku Khondowe mu 1894, imene inkatulutsa makalaliki, aphunzitsi ndi othandiza m'zipatala odziwa Chingerezi. Ansembe ambiri a White Fathers adali Afalansa ndi Adatchi, Chichewa ankachidziwa bwino koma Chingerezi chinkawavuta, ndipo ena ankaopa kuti maphunziro apamwamba adzangotumiza anyamata ku tauni. Zotsatira zake zidaoneka patapita zaka, pamene Akatolika adali ochepa pakati pa Amalawi oyamba ophunzira kwambiri. Mu 1928 Papa Pius XI adatumiza Ambuye Arthur Hinsley kudzayendera mamishoni a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, ndipo uthenga wawo udali woti ngati mphamvu sizikukwanira zonse, ndi bwino kumanga tchalitchi kudikire koma sukulu ikonzedwe. Ambuye Guillemé, ali ndi zaka pafupifupi 70, adayenera kusintha kayendetsedwe ka ntchito imene adaizolowera, kulimbitsa maphunziro a aphunzitsi ndi kulola kuti oyendera sukulu a boma azilowa m'makalasi awo.

Pa zaka zomwezi adatsegula mamishoni ena, monga Kasina ndi Nambuma, imene idayamba mu 1928 pakati pa alimi a fodya a ku Dowa. Kasungu idafikiridwa mochedwa. Mishoni ya ku Chilanga idali itachoka m'manja mwa a Livingstonia kupita kwa a Nkhoma, ndipo sukulu zawo zidali ponseponse. Mishoni ya Chiphaso idatsegulidwa m'zaka za m'ma 1930, patapita zaka pafupifupi makumi atatu chiyambire Likuni ndi Kachebere.

Asisteri a White Sisters adafika ku Mua mu 1911, ndipo mu 1927 kumeneko kudatsegulidwa malo osamalirako odwala khate. Koma Ambuye Guillemé ankafuna asisteri a dziko lomwe lino. Papa Pius XI adali atalemba kalata mu 1926 yolimbikitsa maepiskopi a ku mamishoni kuyambitsa zipani za eni dziko, ndipo Tereza Woyera wa Mwana Yesu, amene adalengezedwa kukhala woyera mu 1925, adasankhidwa kukhala nkhoswe ya mamishoni mu 1927. Mu 1929 Ambuye Guillemé adayambitsa chipani cha Asisteri a Tereza, ndipo atsikana oyamba adaphunzitsidwa ndi a White Sisters. Sichidali chinthu chapafupi. Pakati pa Achewa mwana wamkazi ndiye amakulitsa mbumba, ndipo mtsikana wokana banja ankaoneka ngati akutseka mtundu. Makolo ndi atsibweni ambiri adakana. Asisteri a Tereza mpaka lero amafotokoza ntchito yawo ngati yomasula anthu ku ukapolo wa mtundu uliwonse, ndipo munthu akakumbukira ana a ku Kibanga aja amaona kumene maganizowo adachokera.

Za ansembe a dziko lino zidatenga nthawi yaitali koposa. Seminale yaing'ono idayambira ku Mua, pambuyo pake n'kusamukira ku Kasina. Anyamata ankaphunzira Chilatini, ndipo opitirira ankatumizidwa kutali ku Kipalapala, pafupi ndi Tabora ku Tanganyika. Ambiri ankalowa, ambiri ankabwerera. Pamene Ambuye Guillemé ankatula pansi udindo mu 1934, ali ndi zaka pafupifupi 75, adali asadasanjike manja pa Mmalawi ndi mmodzi yemwe kumudzoza unsembe. M'malo mwawo mudalowa Ambuye Oscar Julien a ku Canada, ndipo mishoni yatsopano imene idatsegulidwa ku Mchinji mu 1935 idapatsidwa dzina la Episkopi wopumayo.

Sadabwerere kwawo ku France. Adakakhala ku Likuni, imodzi mwa mamishoni amene adayambitsa akadali wansembe. Ali komweko adamva kuti mmodzi wa anyamata a ku Mua aja, Cornelio Chitsulo, wadzozedwa mu 1937 kukhala wansembe woyamba wa Chimalawi. Bambo Chitsulo ndiwo adadzasankhidwa mu 1956 kukhala Episkopi wa Dedza, Mmalawi woyamba pa udindowu, ndipo katedrale yawo idali ku Bembeke. Mu 1939 Kachebere idasanduka seminale yaikulu, yophunzitsa ansembe a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, kotero kuti anyamata adaleka kupita ku Tanganyika. Ansembe ambiri amene atumikira m'maparishi a kuno adaphunzira pa malo amene Bambo Guillemé adatumizako ansembe oyamba mu 1903.

Ambuye Mathurin Guillemé adamwalira ku Likuni pa 7 April 1942, Lachiwiri la m'sabata ya Pasaka, ali ndi zaka 82, atakhala wansembe zaka 58. Gawo lalikulu la dziko lawo la France lidali m'manja mwa asilikali a Germany. Chaka chomwecho ku Zomba ansembe a Montfort adatsegula sekondale yoyamba ya Akatolika m'dziko muno.